Mkazi akatenga mpando, ukwati wake umathera pati? Mafunso ndi mayankho pa nthano za m'tsogolo za m'ma 1800

Olemba a ku Britain, America ndi New Zealand a zaka za m'ma 1800 ankakonda kupeka maiko omwe kulibe: dziko la pansi pa nthaka, dziko la ku Mars, London kapena Boston wa zaka mazana akudzawo. M'maiko opekawo ankayeseramo funso lomwe kunja kwa buku linkayambanitsa anthu, loti kodi mkazi angalamulire. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwera munthu akayamba kuwerenga mabukuwa.

Kodi tikunena mabuku a mtundu wanji?

Ndi nthano zazitali zoyamba ndi "bwanji zikanakhala kuti". Wina amagona mu 1887 n'kudzuka mu 2000, monga Julian West wa m'buku la Edward Bellamy. Wina amatsikira mu mgodi n'kupeza mtundu wa anthu ouluka. Wina amangolota ali pampando. Ulendowo ndi chonamizira chabe. Chomwe wolemba akufuna n'choti mlendo afike, afunse mafunso achibwana, eni dziko amufotokozere mmene amakhalira, ndipo wowerenga achite manyazi ndi zakwawo. Dzina loti science fiction linadzafala chakumapeto kwa m'ma 1920, eni ake a mabukuwa ambiri atamwalira kale.

Chinachititsa n'chiyani kuti nkhani ya amayi ndi ulamuliro idzaze m'mabukuwa?

Inali kale pakamwa pa aliyense. Ku England mkazi akakwatiwa, lamulo linkamuona ngati wamezedwa ndi mwamuna wake: malipiro ake ndi katundu wake zinkasanduka za bambo. Lamulo la 1870 linamulola kusunga ndalama zomwe wakhetsera thukuta, ndipo la 1882 ndi lomwe linamupatsa mphamvu pa katundu wake yense. Mu 1867 phungu John Stuart Mill anapempha Nyumba ya Malamulo kuti m'lamulo la zisankho mawu oti "mwamuna" alowedwe m'malo ndi oti "munthu". Aphungu 73 anavomera, 196 anakana. Ku America msonkhano wa ufulu wa amayi wa ku Seneca Falls unachitika mu 1848, dera la Wyoming linalola amayi kuvota mu 1869, ndipo mu 1872 Victoria Woodhull anaima nawo pa mpando wa pulezidenti.

Chomwe chinkakanika m'Nyumba ya Malamulo chinkatheka papepala. Wofuna kusintha zinthu ankajambula dziko lomwe amayi akulamulira n'kulikongoletsa. Woopa kusinthako ankajambula dziko lomwelo n'kulidetsa.

Koma Britain si inkalamulidwa ndi mfumukazi? Ndiye vuto linali pati?

Victoria anakhala pampando kuyambira 1837 mpaka 1901, koma mpandowo anaupeza mwa magazi, ndipo nduna zake zonse zinali amuna. Iye mwini sankafuna kumva za ufulu wa amayi: m'kalata ya mu 1870 anati nkhaniyo ndi misala komanso kuipa mtima. Mfumukazi imodzi anthu ankaiona ngati ngozi ya m'banja lachifumu, yoti mwana wamwamuna sanapezeke. Amayi wamba mamiliyoni pamzere wovota inali nkhani ina.

Zaka khumi Victoria asanalowe ufumu, Jane Webb anatulutsa The Mummy! mu 1827. Nkhani yake ikuchitika mu 2126, England akulamulidwa ndi mafumukazi okhaokha, amayi a kunyumba yachifumu akuvala mabuluku. Koma pali lamulo: mfumukazi isakwatiwe. Lamulo limeneli muligwiritse, chifukwa mukumana nalo m'mabuku ena ambiri litangosintha malaya.

Ndinamva kuti mu The Coming Race akazi ndi amphamvu kuposa amuna. Ndiye kuti wolemba wake ankaikira amayi kumbuyo?

Ayi, ndipo bukuli ndi loyenera kulichedwera. Edward Bulwer-Lytton analitulutsa mu 1871. Mnyamata wa ku America amatsikira mu mgodi n'kupeza mtundu wa a Vril-ya, omwe ali ndi mphamvu yotchedwa vril, yochiritsa komanso yotha kupsereza mzinda wonse. Akazi awo, a Gy-ei, ndi aatali ndi ojintcha kuposa amuna, amaidziwa bwino vril, ndipo ndi ochuluka kusukulu ya anzeru. Kufunsira n'kwa mkazi. Mnyamata akafunsiridwa amagwetsa nkhope ndi manyazi. Zee, mwana wa mwininyumba yemwe mlendoyo akukhalamo, amamukonda, ndipo mlendoyo amachita naye mantha ngati mwanapiye waona kabawi.

Tsono taonani pomwe mphamvuzo zimathera. Mtsogoleri wa dziko, Tur, ndi mwamuna. Mkazi akakwatiwa amavula mapiko ake n'kuwapachika kumutu kwa bedi, osawavalanso pokhapokha ukwati utatha. Bukuli limasimbanso mbiri yakale yoti mkazi wina anapha mwamuna wake chifukwa cha nsanje, amuna onse n'kuthawa m'mudzi. Akazi otsalawo, posowa amuna, anamupha mnzawoyo ali m'tulo n'kulumbira kuti mphamvu zawo sadzazigwiritsanso ntchito pa amuna awo. Wolemba wampatsa mkazi mphamvu zonse, kenako n'kumuuza kuti azivule yekha pakhomo la chipinda.

Moyo wa wolembayo umaunikira bukuli. Iye ndi mkazi wake Rosina anapatukana mu 1836, ndipo pambuyo pake bambo anamulanda ana. Mu 1858, mwamunayo ali nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, Rosina anatulukira pamsonkhano wake wa chisankho ku Hertford n'kumuyalutsa pagulu. Bulwer-Lytton anakonza zoti mkaziyo atsekeredwe ngati wamisala, ndipo anatulutsidwa patapita masabata ochepa anthu atachita phokoso m'manyuzipepala. Munthu wotero akamalemba za mkazi wamphamvu wodzivula yekha mapiko, ine sindiona ulosi. Ndiona bambo akulota mkazi yemwe sanamupeze.

Kanthu kena kapambali: dzina la Bovril, chakumwa cha msuzi wa ng'ombe chomwe chimapezeka m'masitolo, mbali yake yomaliza inachokera ku vril yemweyu.

Ndiye amuna onse olemba ankatsutsa?

Si onse. Walter Besant ndiye anatsutsa mosabisa. Mu The Revolt of Man, la 1882, amayi alanda Nyumba ya Malamulo, makhoti ndi tchalitchi ku England. Sayansi yaima, mafakitale afa, ndipo popeza mkazi amayenera kuyamba wapeza chuma asanakwatire, anyamata amakwatiwa ndi agogo. Kumapeto amuna amaukira, mfumu yachimuna imavekedwa, ndipo atsikana amakondwera kuti mtolo wa ulamuliro wawatsika pamutu. Besant anachenjera poika mayi, pulofesa Dorothy Ingleby, kuti ndiye akonze chiwembu chobwezera amuna mpando.

Julius Vogel anali wa mbali ina, ndipo sanali wongolemba chabe. Anakhalapo nduna yaikulu ya New Zealand m'ma 1870, ndipo mu 1887 anabweretsa ku Nyumba ya Malamulo bilu yopatsa amayi voti, yomwe sinadutse. Mu 1889 anatulutsa Anno Domini 2000, or, Woman's Destiny, momwe amayi ali ndi maudindo akuluakulu mu ufumu wa Britain, ndipo pulezidenti wa America nayenso ndi mayi. Ngati nthano, bukuli ndi louma. Chimene limakumbukiridwa nacho n'choti chaka cha 2000 chitakwanadi, nduna yaikulu ya New Zealand anali Helen Clark, mtsogoleri wa otsutsa Jenny Shipley, mkulu wa makhoti Sian Elias. Ngakhale zili choncho, Hilda Fitzherbert, mtsikana wandale wa m'bukuli, nkhani yake imakathera pa ukwati ndi mfumu yaikulu.

Nanga amayi olemba ankati chiyani?

Ena ankaseka. Annie Denton Cridge, mu Man's Rights. Or, How Would You Like It? la 1870, analota ali ku Mars komwe abambo ali m'khitchini ndi ana olira, akudzikongoletsa kuti apeze banja, akuchita misonkhano yopempha ufulu pomwe amayi olemekezeka akuwauza kuti ubongo wa mwamuna sunalengedwere ndale. Sanapeke mfundo yatsopano ngakhale imodzi. Anangotenga zomwe amayi ankauzidwa tsiku ndi tsiku n'kuzitembenuza. Alice Ilgenfritz Jones ndi Ella Merchant a ku Iowa anachita chimodzimodzi mu 1893 ndi Unveiling a Parallel: Elodia wa ku Mars ali ndi banki, amamwa, ali ndi zibwenzi ndi mwana wapathengo, ndipo mlendo wochokera kuno akakhumudwa amafunsidwa ngati amakhumudwanso amuna akwawo akamachita zomwezo.

Ena analemba ndi mkwiyo. Mu June 1889 magazini ya The Nineteenth Century inasindikiza kalata yokana voti ya amayi, yosainidwa ndi amayi 104 otchuka, patsogolo pali wolemba mabuku Mrs Humphry Ward. Elizabeth Burgoyne Corbett, mtolankhani wa ku Newcastle, anayankha chaka chomwecho ndi New Amazonia. Wosimba nkhani amagona atapsa mtima ndi kalatayo n'kudzuka mu 2472 ku Ireland, yemwe tsopano ndi dziko la amayi. Amuna alimo koma maudindo a boma sawalawa. Ndipo lamulo lija labweranso: mipando ikuluikulu ndi ya amayi omwe sanakwatiwepo.

Florence Dixie anadzera njira ina. Mu Gloriana, or, The Revolution of 1900, lotuluka mu 1890, mtsikana amavala zachimuna, amadzitcha Hector D'Estrange, amaphunzira kusukulu zotchuka za Eton ndi Oxford, amakhala phungu mpaka nduna yaikulu, kenako chinsinsi chimaululika. Mfundo ya Dixie ndi yomveka: munamuvotera musakudziwa, ndiye chasintha n'chiyani? Mayi ameneyu sankangolota. Mu 1881 anapita ku South Africa ngati mtolankhani wa nkhondo wa Morning Post, analemba moikira kumbuyo Cetshwayo mfumu ya Azulu kuti abwezeredwe ufumu, ndipo mu 1895 anali pulezidenti wa British Ladies' Football Club.

Mukawaika pamodzi, mfundo yanga ndi iyi. Olembawa sankavutika kupeka ndege, magetsi kapena chakudya chopangidwa ndi mankhwala. Chinkawakanika ndi kujambula mayi wapabanja, wa ana, atakhala pampando wa boma mwamuna wake ali moyo ndipo palibe chachilendo. Amayenera kukhala mbeta, kapena kuvala buluku la mwamuna, kapena kuvula mapiko, kapena amuna achoke padziko.

Amuna achoke padziko? Alipo analemba zotero?

Mary E. Bradley Lane. Nthano yake ya Mizora inayamba kutuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya Cincinnati Commercial mu 1880 ndi 1881, n'kudzakhala buku mu 1890. Mawu oyamba a bukuli amati wolembayo anabisala kwambiri moti ngakhale mwamuna wake sankadziwa. Vera Zarovitch, mayi wa ku Russia wothawa ukaidi ku Siberia, amakokedwa ndi madzi kumpoto kwenikweni kwa dziko n'kulowa m'kati mwa dziko lapansi. Kumeneko kuli amayi okhaokha. Sukulu ndi zaulere, aphunzitsi ndiwo olemekezeka kuposa onse, makina amatsuka ndi kukolopa, ndende kulibe. Vera amatha nthawi yaitali asanafunse komwe kuli amuna. Yankho lake n'loti kalekale, nkhondo yapachiweniweni itatha ndipo kazembe wina atafuna kukakamira pampando, amayi anatenga boma n'kuletsa amuna maudindo kwa zaka 100. Asayansi awo anapeza njira yoberekera popanda mwamuna, ndipo mtundu wa amuna unangotha.

Apa pali chinthu chomwe wowerenga wa khungu lakuda sangachilumphe. Amayi onse a ku Mizora ndi oyera, a tsitsi lachikasu. Vera akafunsa za anthu akhungu lodera omwe akuwaona pa zithunzi zakale, amauzidwa kuti anachotsedwa, chifukwa eni dziko amakhulupirira kuti khalidwe labwino ndi nzeru zapamwamba n'za oyera. Ku New Amazonia nako makanda obadwa olumala saloledwa kukhala ndi moyo. Nthawi imeneyo chiphunzitso chosankha mbewu ya anthu ngati ya ziweto chinali m'fasho pakati pa ophunzira, ndipo Francis Galton anachipatsa dzina loti eugenics mu 1883. Amayi ena omenyera ufulu anachimeza chonse. Ufulu womwe ankaulota unali ndi mpanda, ndipo ambirife tikanatsala kunja.

M'maiko opekawa, ankaphika ndani?

Funso ili limavundukula zambiri kuposa la voti. Bellamy, mu Looking Backward la 1888, anachotsa khitchini m'nyumba. Anthu amadyera kumalo odyera a onse, zovala zimachapidwa kumalo ochapira a boma, ndipo mkazi ndi mwamuna amalandira gawo lofanana la chuma cha dziko, choncho palibe wokwatiwa chifukwa cha njala. Amayi ambiri a ku America analikonda bukuli pa chifukwa chimenechi. Koma amayi ali ndi gulu lawolawo la ntchito, lokhala ndi mkulu wawo wamkazi yemwe amakhala nawo m'kabineti ya pulezidenti n'kumayang'anira za amayi zokha. Mosiyana ndi Corbett, Bellamy amati maudindo apamwamba a gululo ndi a omwe anakhalapo pabanja n'kubereka. Wina akuti mbeta zokha, wina akuti amayi a ana okha, koma onse akuyeza mkazi ndi ukwati. Mwamuna palibe akumufunsa.

William Morris anayankha Bellamy ndi News from Nowhere mu 1890. Anathetsa ndalama, anathetsa makhoti a maukwati, Nyumba ya Malamulo anaisandutsa mosungira manyowa. Koma mlendo akafika kunyumba ya alendo, operekera chakudya ndi amayi, ndipo nkhalamba ina imamufotokozera kuti mkazi wanzeru amasangalala kuyendetsa nyumba. Munthu wotha kulota dziko lopanda boma analephera kulota bambo akutsuka mbale.

Kodi Africa ikupezekamo?

Ikupezeka, ndipo pafupi ndi kwathu. Buku la H. Rider Haggard la She, lomwe linatuluka mu 1887, limaika nkhani yake kugombe la kum'mawa kwa Africa, chakumpoto kwa pomwe Zambezi amathira m'nyanja, komwe lero ndi Mozambique. Angerezi Holly ndi Leo Vincey amadutsa madambo n'kufika kwa a Amahagger, mtundu wopeka wolamulidwa ndi Ayesha, mkazi woyera yemwe wakhala zaka zoposa 2,000 akudikira bwenzi lake lomwe analipha yekha ndi nsanje. Anthu ake amamutcha Iye-woyenera-kumveredwa. Amapha ndi kuloza chabe, ndipo amauza alendowo kuti akafika ku England akachotsa mfumukazi yawo pampando. Holly amanjenjemera, poona kuti angathedi.

Haggard samulola kufika. Ayesha amayamba wagwadira Leo monga mkazi wogonjera mwamuna wake, kenako amalowa m'moto wa moyo kachiwiri, zaka zake zonse zimamugwera nthawi imodzi, amafwaphira ngati kanyani n'kufa. Mkazi wamphamvu kuposa onse m'mabuku a nthawiyo amagwada kaye, n'kupsa.

Za a Amahagger n'zomwe Mchewa angawerenge akumwetulira cham'mbali. Kwawoko mtundu umatsata mayi, ndipo mkazi ndiye amasankha mwamuna pomupsompsona pagulu. Nkhalamba Billali imafotokoza kuti amalemekeza akazi mpaka pomwe ayamba kuvuta, ndiye pakapita mibadwo iwiri amapha achikulire kuti achitsikana atengerepo phunziro. Africa yemwe Haggard ankamudziwa ndi wa ku Natal ndi Transvaal, komwe anagwira ntchito m'boma la atsamunda kuyambira 1875. Ophunzira a nthawi yake, monga Johann Jakob Bachofen mu 1861 ndi Lewis Henry Morgan mu 1877, ankaphunzitsa kuti kutsata mtundu wa mayi ndi gawo lakale lomwe anthu amadutsamo asanatukuke. Choncho kwa wowerenga wa ku London, mbumba yotsata mayi inkamveka ngati zauchinyama.

Ife a chikamwini tikudziwa kuti nkhaniyo ndi yopotana kuposa pamenepo. Ana ndi a kuchikazi, munda ndi wa kuchikazi, koma mwinimbumba ndi atsibweni, ndipo ufumu kawirikawiri umagwera mwana wamwamuna wa mlongo wa mfumu, amayi akuluakulu a mbumba atanong'onezana. Kunali Nyangu, mayi wa a Kalonga, kunali Makewana wa ku Msinja wosunga kachisi wa mvula. Mphamvu za amayi zinalipo, zamtundu wina, zosafuna kuti mkazi akhale mbeta kapena amuna atheretu. Olemba a ku Ulaya ndi ku America ankakafuna dziko lotere ku Mars ndi pansi pa nthaka, ndipo pomwe analipeza pamtunda analitcha lachikunja. Patangopita zaka zinayi She atatuluka, mu 1891, Britain analengeza kuti dera la kuno lili pansi pa chitetezo chake.

Kodi mabukuwa anasintha lamulo lililonse?

Voti inabwera ndi misonkhano, zikalata zosainidwa ndi anthu zikwizikwi, ndipo ku Britain ndi ndende zomwe. New Zealand inatsogola mu 1893, South Australia inavomereza mu 1894 kuti amayi avote komanso aime pachisankho, Britain inalola ambiri mwa amayi a zaka 30 kupita m'tsogolo mu 1918 n'kufananitsa ndi amuna mu 1928, America mu 1920. Mabuku ambiri a amayi omwe tatchulawa anaiwalika msanga, mpaka ofufuza anadzawafukula m'ma 1970 kupita m'tsogolo. Omwe anagulidwa kwambiri ndi a Bellamy ndi Haggard. La Bellamy linabala magulu a ndale oposa 100 ku America okambirana mfundo zake, ndipo linakhudza Charlotte Perkins Gilman, yemwe anadzalemba Herland, nthano ya dziko la amayi okhaokha, mu 1915.

Ndiyambe ndi liti, ndipo ndingawapeze kuti?

Onse ndi akale moti umwini wa olemba unatha, ndipo ambiri ali pa intaneti mwaulere, ku Project Gutenberg ndi ku Internet Archive. Ali m'Chingerezi cha nthawi ya Victoria, cha ziganizo zazitali, ndiye pamafunika kudekha.

Yambani ndi Cridge: ndi lalifupi, loseketsa, ndipo mungalimalize madzulo amodzi pafoni. Mukatero tengani She, lomwe mwa onsewa ndi lokhalo lokoma ngati nthano, ngakhale likunyansitseni ndi mmene limajambulira anthu akuda. The Coming Race lili ndi mitu youma ya chilankhulo cha a Vril-ya yomwe mungailumphe osataya kanthu, koma mitu ya Zee muiwerenge yonse. Besant ndi Corbett muwawerenge motsatizana, chifukwa anasiyana zaka zisanu ndi ziwiri zokha ndipo akukangana pa nkhani imodzi. Vogel musiyireni omwe akulemba mayeso.